Lole yolemera mapaundi 26,000 ndi katundu wosadziwa malamulo

Kuno kumpoto kwa Indiana ku America, munthu akamagulitsa lole yogwirira ntchito ya mitengo pa Facebook Marketplace, sayamba ndi chaka chimene loleyo idapangidwa kapena mtunda umene yayenda. Amayamba ndi mawu awiri akuti "under CDL", kutanthauza lole yosafuna laisensi ya magalimoto akuluakulu, ndipo lole yolembedwa choncho sichedwa kupita. Inzake yaikulu, ya mabuleki amphamvu ndi masipiling'i olimba, imatha kukhala pamenepo mpaka chipale chofewa chiikwirire. Ogula sakufuna lole yabwino koposa. Akufuna lole imene mnyamata aliyense wa pa kampani angaiyendetse ndi laisensi ya galimoto wamba.

Ine ndimagwira ntchito yodula mitengo m'dera la South Bend. Timagwetsa mitengo youma, timasadza nthambi zimene zayandikira madenga ndi mawaya a magetsi, timapera zitsa, kenako timanyamula zonse kuti mwini nyumba akatuluka apeze kapinga wake ali mbee. Achinyamata a kwathu amene angofika kumene akamva za ntchitoyi amafunsa funso limodzi lomwelo: "Achimwene, m'mwambamo simuopa?" Kukwera n'koopsa ndithu, koma okwera ndi ochepa pa gulu lililonse. Chimene chimasiyanitsa malipiro a ife apansi, komanso chimene chimagwetsa makampani ang'onoang'ono ambiri, ndi ulendo wochoka pa yadi kupita kwa kasitomala ndi kubwerako.

CDL ndi laisensi ya oyendetsa magalimoto akuluakulu a malonda. Chisanafike chaka cha 1986, chigawo chilichonse cha America chinali ndi malamulo akeake, ndipo m'zigawo zina munthu wa laisensi wamba ankatha kukwera chilole cha matayala 18 n'kuyamba ulendo popanda womuyesa. Madalaivala ena ankasunga malaisensi angapo a zigawo zosiyana, kuti ina ikalandidwa atulutse ina. M'chaka chimenecho aphungu a Congress adakhazikitsa lamulo la Commercial Motor Vehicle Safety Act, ndipo kuyambira pa 1 Epulo 1992 aliyense woyendetsa galimoto yotere adayenera kukhala ndi CDL imodzi yokha. Laisensiyo amapereka ndi a chigawo chimene ukukhala, kuno ndi ofesi ya zamagalimoto yotchedwa BMV, koma malire ake amaikidwa ku Washington, ndipo kuyambira mu 2000 amene amayang'anira ndi bungwe la boma loona za chitetezo cha magalimoto a malonda lotchedwa FMCSA. Opanga lamuloli ankaganiza za malole oyenda usiku wonse kuchoka ku Chicago kupita ku Texas. Ife amene timangozungulira m'timisewu ta m'tauni tidalowamo chifukwa cha kulemera basi.

Kulemerako kumayambira pa kapepala komata pa mphuthu ya chitseko cha dalaivala. Pamenepo wopanga galimoto amalemba GVWR, kutanthauza kulemera kotsiriza kumene galimotoyo ingafike ikanyamula zonse: iyo yeniyeniyo, mafuta, anthu ndi katundu. Nambalayo ikafika mapaundi 26,001, amene ndi makilogalamu 11,794, pafunika CDL ya Class B, ngakhale loleyo ikuyenda yopanda kanthu. Ikakhala 26,000 ndendende, safuna. Nchifukwa chake makampani ngati Ford, International ndi Freightliner amagulitsa malole olembedwa 26,000 kapena 25,999. Si mwangozi ayi.

Pakabwera ngolo yokoka, masamu amasintha, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Class A imafunika zinthu ziwiri zikachitika pamodzi: ngoloyo ikhale yoposa mapaundi 10,000, ndipo lole ndi ngolo pamodzi zifike 26,001. Tiyerekeze ndi magalimoto awiri amene mungawaone m'mawa uliwonse pa msewu wa US 31. Yoyamba ndi lole ya bokosi yolembedwa 26,000, ikukoka chipper, makina ogaya nthambi aja, olembedwa 9,000. Zonse pamodzi ndi 35,000, koma malinga ndi lamulo la ku Washington dalaivala wake safunika CDL, popeza loleyo sidafike pa malire ndipo chipper sichidapitirire 10,000. Yachiwiri ndi pikiapu ya Ford F-350 ya matayala anayi kumbuyo, yolembedwa 14,000, ikukoka ngolo yotaya yokha katundu yolembedwanso 14,000. Pamodzi ndi 28,000, yocheperapo poyerekeza ndi yoyamba ija, koma iyi ndiye ifuna Class A, laisensi ya gulu limodzi ndi ya woyendetsa chilole cha matayala 18. Munthu amene wangoyamba bizinesi, wagula pikiapu ndi ngolo pa ngongole, amatha miyezi akuphwanya lamulo osadziwa, mpaka tsiku limene wapolisi wamuimika n'kukawerenga kapepala ka pa khosi la ngolo. Ku California malamulo ndi okhwimirapo, chifukwa kumeneko ngolo yoposa 10,000 payokha imafuna Class A.

Chipper nacho chimawerengedwa ngati ngolo, chili ndi kapepala kake. Makina ambiri amene timagwiritsa ntchito kuno amachokera pafupi pomwepa: Bandit ku Remus ndi Morbark ku Winn, konseko ku Michigan, komanso Vermeer ku Pella, Iowa. Chomeza nthambi za mainchi 12 chimakhala pansi pa malire mosavuta. Chomeza za mainchi 18 chimakhala m'mphepete mwenimweni, ndipo ukawonjezera injini yaikulu ndi chingwe chokokera zipika, chimadumpha 10,000. Ogula odziwa amawerenga kapepalako asanafunse za mphamvu ya injini.

Zonsezi ndi za papepala. Vuto langa ndi lole ya "under CDL" lili pa katundu, chifukwa mtengo wauwisi ndi madzi okhaokha. Pa tchati chimene okwera mitengo amagwiritsa ntchito poyerekeza kulemera kwa chipika asanachimangirire chingwe, red oak wauwisi amalemera mapaundi 63 pa cubic foot iliyonse. Chipika cha masentimita 60 kunenepa ndi mamita 3 kutalika chimayandikira mapaundi 2,000, pafupifupi makilogalamu 900. Poyang'ana ndi maso, zipika zisanu zotere zimaoneka zochepa m'ngolo, malo akadalipo ambiri. Koma zayandikira kale 10,000, ngolo yeniyeniyo tisanaiwerengere.

Nthambi zogayidwa ndiye zimanyenga koposa. Lole ina imene ndakhala ndikuyendetsa ndi yolembedwa 26,000. Ikakwera pa sikelo bokosi lili lopanda kanthu, koma muli mafuta, macheka, zingwe, matabwa oyala pa kapinga ndi anthu atatu, imalemera pafupifupi 17,000. Zatsala 9,000. Pamenepo chotsanipo mapaundi mazana angapo amene khosi la chipper limatsamiza kumbuyo kwa lole. Bokosi lake limalowa ma cubic yard 20, ndipo tizibenthu tauwisi timalemera mapaundi 500 kapena kupitirira pa yard iliyonse, malinga ndi mtundu wa mtengo ndi nyengo. M'mwezi wa Juni, masamba ali gwaa ndipo mvula yagwa usiku, timalemera kwambiri. Werengani nokha. Bokosi likadzaza mpaka kukamwa, loleyo yapitirira kale malire ake. Ndiye kuti munthu adagula bokosi limene lamulo silimulola kulidzaza.

Nanga ndani amazimitsa makina bokosi likafika pa magawo atatu mwa anayi? Nthawi ili cha m'ma 4 koloko madzulo, kwatsala nthambi zochepa, kotayira n'kutali, ndipo mawa kuli kasitomala wina. Kapitawo amangoti titsirize. Timatsiriza.

Lamulo lidaganizirapo kale zimenezi. Tanthauzo la galimoto yofuna CDL limanena za GVWR kapena kulemera kwenikweni, chimene chakula pa ziwirizi. Choncho lole yolembedwa 26,000 ikapezeka pa sikelo ili 27,500, mlandu si wa kulemetsa wokha. Pa nthawi imeneyo yasanduka galimoto yofuna CDL, ndipo mnyamata amene ali pa chiwongolero alibe. Apolisi a Indiana State Police ali ndi nthambi yoona za magalimoto a malonda, a ku Michigan chimodzimodzi, ndipo amayenda ndi masikelo ang'onoang'ono oika pansi pa tayala lililonse. Sadikira kuti udutse pa sikelo ya pa msewu waukulu. Lole ya mitengo amaidziwira patali, kumbuyo kutakhala pansi, mphuno itayang'ana kumwamba. Akakuimika n'kukulembera kuti galimoto isayendenso, imakhala pomwepo mpaka kubwere munthu wa laisensi yoyenera kapena katundu atsitsidwe. Ndipo kapepala ka mlandu kamakhala ndi dzina la dalaivala. Kuyendetsa galimoto ya malonda popanda CDL yoyenera kuli m'gulu la milandu ikuluikulu ya pamsewu: ukapezeka kawiri m'zaka 3 amakuletsa kuyendetsa magalimoto otere masiku 60, katatu masiku 120. Abwana amalipira chindapusa n'kuiwala. Mbiri imatsalira mwana wa eni.

Chindapusa si chimene chimandidetsa nkhawa kwenikweni. Lole yolemera mopitirira muyeso imachedwa kuima. Misewu imene timagwiramo ntchito ndi ya m'makomo mwa anthu, momwe ana amakwera njinga ndipo mabasi achikasu a sukulu amaima paliponse. Ngozi ikachitika, funso loyamba la a inshuwalansi ndi maloya limakhala lakuti galimotoyo inkalemera bwanji ndipo woyendetsa anali ndi laisensi yanji. Kampani ya anthu asanu singapirire funso limenelo.

Pali nkhani ina imene imamveka pa yadi iliyonse, yakuti lole ikakhala ndi mabuleki a mpweya ndiye kuti ifuna CDL. Si zoona. Mabuleki paokha sasankha laisensi, chimasankha ndi kulemera. Koma chifukwa cha mphekesera imeneyi eni makampani ena amathawa malole a mabuleki a mpweya, omwe akadawathandiza pa katundu wolemera.

Chimene chidakankhira ntchito yathu ku malole akuluakulu m'dera lino ndi kachilombo kobiriwira kotchedwa emerald ash borer. Kadachokera ku Asia, kadadziwika koyamba mu 2002 pafupi ndi Detroit, ndipo pofika 2004 kadapezeka mu Indiana. Mphutsi zake zimadya pansi pa khungwa la mtengo wa ash, n'kudula njira za madzi, ndipo m'zaka zochepa mtengo umauma uli chiimire. Mitengo mamiliyoni ambirimbiri idafa. Ash adabzalidwa kwambiri m'misewu ya m'matauni ndi m'makomo, choncho ntchito idachuluka ndipo makampani atsopano adabuka paliponse. Koma ash wouma ndi woipa mtima. Amafumbwa msanga, nthambi yooneka yolimba imathyoka ngati bisiketi popanda kuchenjeza. Wokwera wanzeru amakana kumangirira moyo wake pa mtengo wotere. Ndiye pamafunika lole ya mkono wautali wokweza munthu m'chidebe, kapena kireni yonyamula chidutswa chilichonse kuchoka m'mwamba, kapena lole ya chikhadabo chotolera zipika. Zipangizo zimenezi n'zolemera zisananyamule kanthu. Lole ya chidebe yokhala ndi bokosi kumbuyo nthawi zambiri imalembedwa 33,000, ndipo ija amaipanga kuti ikhale pansi pa 26,001 imatsala ndi malo ochepa kwambiri a katundu, chifukwa mkono ndi miyendo yake zadya kale kulemera kochuluka. Kampani yopanda dalaivala wa Class B ntchito zotere imangoziona zikupita kwa anzake.

Tsono pali malire ena apansi, amene anthu a "under CDL" amaganiza kuti sawakhudza: mapaundi 10,001. Galimoto ya malonda ikafika pamenepo, yokha kapena pamodzi ndi ngolo, ndipo ikudutsa malire a chigawo, yalowa m'malamulo a FMCSA. Kampani iyenera kukhala ndi nambala ya unduna wa zamtengatenga, ya USDOT, yolembedwa pamodzi ndi dzina lake mbali zonse ziwiri za galimoto. Dalaivala ayenera kupimidwa ndi dokotala wovomerezeka n'kukhala ndi chiphaso cha zaumoyo, chimene sichipitirira miyezi 24, ndipo kwa amene magazi amathamanga chimafupikitsidwa. Galimoto ndi ngolo ziyenera kuyenderedwa chaka ndi chaka. M'kati mukhale chozimitsira moto ndi zikwangwani zitatu zofiira zoika pamsewu. Zigawo zambiri zidatengera malamulo omwewa ngakhale kwa osatuluka kunja, china chilichonse ndi kusintha kwake.

Kwa munthu wa pakati pa Texas, kudutsa malire ndi ulendo. Kwa ife ndi nkhani ya tsiku ndi tsiku. Kuchoka ku South Bend kupita ku Niles, Michigan, ndi mtunda wa mamailosi 10 kapena kupitirira pang'ono, ndipo makasitomala ali mbali zonse. Ukangowoloka, ulendowo wasanduka malonda a pakati pa zigawo, ndipo dalaivala ayenera kukhala wa zaka 21. Mnyamata wa zaka 19 angathe kutenga CDL ya m'chigawo chake chokha, n'kuyendetsa lole yaikulu mpaka ku Evansville, kum'mwera kwenikweni kwa Indiana, maola angapo pamsewu. Koma sangayendetse ngakhale Ford F-550 yolembedwa 19,500 kukadula nthambi imodzi ku Niles. Lamuloli ndimaliona lopanda mutu, koma ndi limene lilipo. Chabwino chake n'chakuti ife oyenda pafupi sitifunika kulemba buku la maola ngati a maulendo ataliatali, bola tikhale m'kati mwa mamailosi 150 kuchokera pa yadi ndi kuweruka pasanathe maola 14, kampani ikusunga nthawi yoyambira ndi yomalizira.

Malire omwewo a Michigan amatifikitsa pa chifukwa chimene eni makampani ambiri satchula akamafotokoza kuti n'chifukwa chiyani sakufuna malole a CDL. Mu Novembala 2018 anthu a ku Michigan adavota kuti chamba chiloledwe kwa akuluakulu. Mu Indiana n'choletsedwa, koma masitolo ake ali mphindi zochepa kuchokera pano. Kwa munthu woyendetsa galimoto ya CDL zilibe kanthu kuti chigawo chikuti chiyani. Lamulo la ku Washington limaletsa, ndipo amapimidwa mkodzo asanalembedwe ntchito, mwadzidzidzi m'kati mwa chaka, komanso pambuyo pa ngozi zina. Kuyambira mu Januwale 2020 zotsatira zoipa zimalembedwa mu kaundula wa dziko lonse wotchedwa Clearinghouse, amene wolemba ntchito aliyense ayenera kuyang'anamo, kotero kuti sungathawire ku kampani ina. Mowa nawonso muyeso wake m'magazi ndi 0.04, theka la wa oyendetsa wamba, ndipo ukagwidwa utaledzera ngakhale m'galimoto yako Loweruka usiku, CDL imapita kwa chaka chathunthu. Ntchito ya mitengo ndi yowawa thupi, ndipo ambiri amene amaipirira ali ndi njira zawo zopumulira madzulo. Mwini kampani amawadziwa anyamata ake. Amadziwa kuti akagula lole yaikulu, ena mwa anthu ake olimbikira kwambiri sadzapambana kupimidwako.

Chifukwa china n'chomveka, ndipo sindiwada nacho. Kuyambira pa 7 Febuluwale 2022, munthu wofuna Class A kapena Class B koyamba ayenera kuphunzira kwa mphunzitsi wolembetsedwa mu kaundula wa FMCSA asanayesedwe. Kale unkatha kuphunzira pa yadi ndi mnzako wa laisensi, n'kupita ku mayeso ndi lole ya abwana. Pano sukulu imadya madola masauzande angapo. Bwana akalipira, mnyamata akapambana, pasanathe chaka amapeza kuti a malole a konkire, a mchenga kapena a boma okankha chipale chofewa amalipira bwino, ndipo kumeneko sakoka nthambi pa dzuwa. Amatsanzika. Bwana uja amalumbira kuti sadzalipiriranso munthu, n'kubwerera pa Marketplace kukasaka "under CDL" ina.

Komabe ndikaika zonse pamodzi, ndimaona kuti kuthawa laisensi kumangosamutsira ngozi kwa munthu wosauka koposa pa gulu. Ntchito sichepa chifukwa lole ndi yaing'ono. Mtengo wa kasitomala ndi womwewo, matani ake ndi omwewo. Lole yaing'ono iyenera kuyenda kawiri, ndipo popeza ulendo wachiwiri ndi ndalama, siyenda kawiri, imangolemetsedwa. Kampani zimene ndaziona zikukula ndi zimene zidavomera kulipira dalaivala wa laisensi ndalama zomusunga, n'kugula lole yonyamula zimene ntchito imatulutsadi.

Masiku apitawa mnyamata wina wa kwathu, amene amakoka nthambi pa kampani ina, adandipeza titaweruka ku tchalitchi. Adati, "Achimwene, ine kumudzi ndinkayendetsa lole ya matani 7, laisensi ndili nayo. Abwana akuti ndikangosintha."

Ndidati, "Mphwanga, palibe chosintha pamenepo. America imavomereza malaisensi a malonda a Canada ndi Mexico okha. Uyambira pansi ngati sudagwirepo chiwongolero."

Adaseka, koma ndi mmene zilili. Umayamba ndi laisensi wamba ya chigawo, kenako chiphaso cha dokotala, kenako mayeso olemba: a chidziwitso cha zonse, a mabuleki a mpweya, ndi a kukoka ngolo ngati ukufuna Class A. Ukapambana amakupatsa chilolezo chophunzirira, chimene uyenera kukhala nacho masiku 14 usanayesedwe pa galimoto. Mayesowo ali patatu: kuyendera galimoto ukutchula mokweza chimene ukuyang'ana, kubwerera m'mbuyo pakati pa zizindikiro, ndi kuyendetsa pamsewu. Madalaivala akale a kwathu kubwerera m'mbuyo sikuwavuta. Chimawagwetsa ndi gawo loyambalo, chifukwa kudziwa kuti lamba wa injini ali bwino n'kosiyana ndi kunena m'Chingerezi, mwadongosolo, pamaso pa munthu wogwira cholembera. Chingerezicho chilinso m'lamulo: dalaivala ayenera kutha kuwerenga zikwangwani ndi kuyankha wapolisi, ndipo kuyambira mu Juni 2025 wolephera amaimitsidwa pomwepo pamsewu. M'chaka chomwecho boma lidayambanso kukhwimitsa kwambiri za CDL kwa anthu amene alibe green card (chiphaso chokhazikika m'dziko muno) kapena unzika, choncho ndidamuuza kuti ayambe waonetsa mapepala ake ku BMV asanapereke ndalama ku sukulu iliyonse.

Ndidamuchenjezanso za galimoto yoyeserera, chifukwa laisensi imatengera galimoto imene wabwera nayo. Ukayesedwa pa lole yosintha yokha magiya, amakulembera chilembo E, ndipo ya magiya a pamanja sungayendetse. Ikakhala yopanda mabuleki a mpweya, chilembo L. Ndipo ichi chimagwira anthu a mitengo kwambiri: ukayesedwa Class A ndi lole ya kampani ikukoka ngolo pa ndowe ya kumbuyo ija timakokera chipper, amakulembera O, kutanthauza kuti chilole chenicheni cha mutu ndi ngolo si chako. Kwa bwana wako zimenezo n'zokwanira, mwinanso n'zabwino, chifukwa sungapite patali. Kwa iwe ndi khomo lotsekeka. Ngati ukulipira wekha, tenga Class A yopanda zilembo zimenezi, chifukwa imaphimba ndi Class B yomwe.

"Ndiye ndikatenga, za sikelo zatha?" adafunsa.

Ayi ndithu. Laisensi imakuloleza kukhala pa chiwongolero, koma sichotsa paundi ngakhale imodzi pa lole. Pa misewu ikuluikulu ya dziko lonse malire ndi mapaundi 80,000 galimoto yonse, 20,000 pa axle imodzi (chitsulo cholumikiza matayala a mbali ziwiri) ndi 34,000 pa ziwiri zoyandikana. Ife pa 80,000 sitifikapo. Chimatigwira ndi axle ya kumbuyo. Chipper chimalavula katundu m'bokosi, khosi lake likutsamira kumapeto kwenikweni, ndipo zonse zimatsikira pa matayala a kumbuyo. Ukhoza kukhala pansi pa GVWR koma utapitirira muyeso wa axle imeneyo, umene walembedwa pa kapepala komweko ka pa chitseko, kapena muyeso wa matayala, umene uli pambali pa tayala lililonse. Palinso kulemera kumene kampani idalembetsa pogula nambala ya galimoto. Eni ena amalembetsa kochepa kuti alipire pang'ono, ndipo wapolisi amayang'ananso pamenepo. Amene mudaonapo mzere wa malole pa sikelo ya ku Balaka mukudziwa kale kuti oyeza amafuna kudziwa chimene tayala lililonse likuchita ndi tala. Michigan imasonyeza mfundoyi poyera: imalola malole ofika mapaundi 164,000, kuposa kawiri muyeso wa dziko lonse, bola akhale ndi ma axle 11 ogawana katunduyo.

Njira yodziwira ndi yotsika mtengo. Pa malo omwetsera mafuta malole pamakhala masikelo a CAT Scale, ndipo ndi madola ochepa amakupatsa kulemera kwa kutsogolo, kwa kumbuyo ndi kwa ngolo, chilichonse pachokha. Ife tidayeza lole yathu yopanda kanthu, tidaiyezanso ndi katundu wa mitengo yosiyanasiyana, ndipo tidalemba mzere wa penti m'kati mwa bokosi. Oak ndi maple wauwisi amaima pa mzere. Ash wouma angapitirire. Kapitawo akafuna kudzaza, dalaivala ali ndi chomulozera m'malo mokangana.

Kumanga katundu nako kuli ndi malamulo ake, ndipo apolisi amayambira pamenepo chifukwa kumaoneka ndi maso. Makina opera zitsa kapena kathirakitala konyamulira zipika zikakwera ngolo, zimangidwe ndi matcheni kapena malamba a muyeso wokwanira, ndipo makina ofika mapaundi 10,000 amafuna zomangira zinayi zosachepera. Ngolo yolemera iyenera kukhala ndi mabuleki ake, ndi kachingwe kamene kamawamanga yokha ikaduka pa lole. Kabatire ka mabuleki amenewo kamafa mwakachetechete, ndipo ndi ochepa amene amakayesa. Chaka chilichonse pamakhala masiku atatu a International Roadcheck, m'zaka zaposachedwapa m'mwezi wa Meyi, pamene oyendera amadzaza m'misewu ya America, Canada ndi Mexico. Sabata imeneyo ma yadi ena amakhala zii, malole onse akuti ali ku garaja.

Nyengo yovuta koposa kwa ife a m'malire imabwera kumapeto kwa dzinja lozizira. Nthaka ya pansi pa msewu imaundana miyezi ya chisanu, ndipo ikayamba kusungunuka kuchokera pamwamba, madzi amasowa kolowera popeza pansi pakadali pouma gwa. Msewu umakhala ngati wayandama, lole yolemera ikadutsa umasweka. Choncho ku Michigan maboma ang'onoang'ono amalengeza malamulo a nyengo, amene aliyense amawatcha frost laws, ndipo kulemera kololedwa pa axle kumatsika ndi 35 peresenti pa misewu ya tala ndi 25 peresenti pa ya konkire, kupatula misewu yomangidwa kuti ipirire chaka chonse. Tsiku loyambira ndi lomalizira silikhazikika, limatengera nyengo, ndipo boma lililonse limalengeza palokha, kotero kuti Berrien County ikhoza kuyamba Cass County isanayambe. Timisewu topita ku nyumba za m'mphepete mwa nyanja zing'onozing'ono, komwe kuli mitengo ikuluikulu ndi makasitomala a ndalama, nthawi zambiri ndi tomwe timakhudzidwa.

Tsoka lake, imeneyi ndi nthawi yomwe anthu amaimba foni kwambiri, ataona zimene mphepo ndi chipale chofewa zawononga. Timapita ndi lole yaing'ono, bokosi timadzaza theka, kireni imatsala pa yadi. Zipika zikuluzikulu timaziunjika bwino pakona pa bwalo la kasitomala, n'kumuuza kuti tidzazitenga boma likachotsa zikwangwani. Ena amamvetsa chifukwa adakulira komweko. Ena amagwira cheke mpaka chipika chomaliza chitachoka, ndipo abwana amayenera kulipira anyamata Lachisanu ndi ndalama za m'thumba mwawo.